Mbiri ya Bruce Grobbelaar, Goloboyi Amene Anayamba ndi Kiriketi

Awerengi athu a muno mu Mutare, ndi inu a ku migodi ya Penhalonga ndi m'mapulazi a ku Odzi ndi ku Burma Valley, mudziwa kuti m'mudzi uno muli mabwalo awiri amene kale sanali kuyenderana. Lina ndilo la ku Sakubva, kumene timathamangira titaweruka kukaona mpira wa miyendo. Linzace ndilo la Mutare Sports Club, kumene amasewera kiriketi pa kapinga wometedwa bwino. Masiku aja dzina la mudzi uno likali Umtali, kiriketi anali masewera a Azungu, ndipo munthu wakuda akaoneka pa bwalo lotere kawirikawiri anali wanchito wothirira udzu kapena wopereka tiyi. Lero tifuna kusimba za munthu amene anabadwira ku mbali ya kiriketi, nakhoza masewerawo ali mnyamata, koma mbiri yace anakaipeza pakati pa mitengo iwiri ya golo, ndiye Bruce Grobbelaar. Ena a inu munamuona ndi maso ku Harare. Ana anu angomva dzina lokha. M'mbiri yace muli ulemu, mulinso manyazi, ndipo ife tiziika zonse ziwiri poyera.

UBWANA WACE

Anabadwa pa 6 October 1957 ku Durban, m'dziko la South Africa, ndipo akali khanda makolo ace anasamukira ku Rhodesia, pakuti atate wace anapeza nchito ku njanje. Tsono nayenso ndiye mwana wa munthu wodzafuna nchito m'dziko la eni, monga ambiri a ife. Ngakhale tisaiwale kuti mipando ya m'sitima imene anakhalapo atate wace inali yosiyana ndi mabenci amene anakhalapo makolo athu pocokera ku Nyasaland. Anaphunzira ku Salisbury, natsiriza ku Bulawayo pa sukulu ya Hamilton, ndipo m'masukulu a Azungu a masiku amenewo mnyamata ali yense anali kugwira thabwa la kiriketi nyengo yace ikafika.

Popeza ambiri a ife sitinagwirepo mpira wa kiriketi, tiyambe tafotokoza. Mpirawo ngwaung'ono monga lalanje, wolemera magalamu ngati 160, wokutidwa ndi cikopa cosokedwa, ndipo uuma ngati mwala. Woponya amadza cothamanga nauponya kulinga timitengo titatu tozikika pansi pa mtunda wa mayadi 22. Wa gulu linalo amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa lace, kuti auchinge ndi kuumenya kutali. Akaumenya m'mwamba, wina naugwira usanagwe pansi, womenyayo waturuka. Cifukwa cace mwana wa kiriketi aphunzira msanga kusaphethira mpira ulinkudza kumaso, aphunzira kudziponya pansi cammbali wosaopa kusupuka, ndi kuponya kutali ndi dzanja limodzi molunjika. Kodi si zomwezo zimene tifuna kwa goloboyi? Grobbelaar anali katswiri wa kiriketi pa unyamata wace, ndiponso wa baseball, masewera a ku America ofanana nao pang'ono, kotero kuti a ku America anamuitana akaphunzire kwao kwaulere alikusewera baseball. Iye sanamuke, nasankha mpira wa miyendo. Koma ife tiyesa kuti kiriketi sanamcoke m'manja masiku ace onse; amene anamuona adzakumbukira umo anali kuwakhira mpira wa m'mwamba, nthawi zina ndi dzanja limodzi, nauponya pomwepo kufikira pakati pa bwalo adani asanabwerere m'malo mwao.

Tinene pano kuti mpanda uja wa pakati pa mabwalo awiri unagwa. Tino Mawoyo, mwana wa muno mu Mutare, anamenyera Zimbabwe 163 pa kiriketi polimbana ndi Pakistan ku Bulawayo m'caka ca 2011, kuyambira woyamba kulowa kufikira anzace onse anatha, iye wosaturuka. Koma m'zaka za ubwana wa Grobbelaar mpandawo unali ciriri, ndipo iye anaulumpha kucokera mbali inayo. Asanakwane zaka 18 anaima pa golo la Highlanders ya ku Bulawayo, timu ya anthu akuda imene anaiyamba adzukulu a mfumu Lobengula m'caka ca 1926. Taganizani kamnyamata ka Cizungu pa bwalo la Barbourfields, khamu lonse lakuda lirikupfuula kumbuyo kwace! Ocemerera akudawo ndiwo anampatsa dzina lakuti Jungleman, ndiko kunena munthu wa kuthengo, ndipo dzinalo linamkhala. Atacoka kumeneko anasewera mu Chibuku Shumba ya ku Salisbury.

NKHONDO

Pamenepo mpira unayamba waima. Boma la Ian Smith linali kulemba anyamata onse a Cizungu usilikari, afune asafune, ndipo Grobbelaar analowa m'gulu la Rhodesia Regiment, nakhala miyezi 11 kuthengo, mfuti iri m'manja. Inu a kuno ku malire simusowa wokuuzani za nkhondo imeneyo. Akuru akumbukira mabomba amene anagwa m'mudzi uno mwezi wa August 1976 kucokera ku mapiri a ku Mozambique, ndipo a m'mapulazi akumbukira umo anali kugonera pakati pa moto uwiri, usana kufunsidwa ndi asilikari, usiku kufunsidwa ndi anyamata a kuthengo. Grobbelaar anali ku mbali ya Boma. M'caka ca 2018, poturutsa buku la moyo wace lochedwa Life in a Jungle, anabvomera poyera kwa olemba nyuzi kuti anapha anthu m'nkhondomo, ndi kuti zimene anaziona zimamdzidzimutsa kutulo ngakhale atakula. Natinso mpira ndiwo unampulumutsa kuti mutu wace usasokonezeke monga zinacitikira anzace ena.

Sitinena izi kuti timcotsere mlandu, pakuti amene anafawo anali ana a anthu, ndipo pakati pa awerengi athu alipo amene sanaone manda a abale ao. Tizinena kuti mumvetse cifukwa cace munthu ameneyu anali kuseka pa golo, kuyenda ndi manja miyendo iri m'mwamba, ndi kuceza ndi ocemerera mpira uli mkati. Aphunzitsi ace anali kupsa mtima nazo. Iye anali kuyankha kuti munthu amene anaona nkhondo sangayese kugonja pa mpira ngati maliro.

ULENDO WA KUTSIDYA KWA NYANJA

Ataturuka usilikari anamka ku Durban City, koma mtima wace unali ku England. M'caka ca 1978 timu ya West Bromwich Albion inamuyesa, mphunzitsi wace Ron Atkinson namkonda. Koma Boma la kumeneko linakana kumpatsa citupa ca nchito, ndipo anabwerera manja ali m'khosi. Palibe mcona amene sadziwa kuwawa kwace: nchito iripo, bwana akufuna, koma pepala palibe. Anazungulira njira yaitali. Mu 1979 analembedwa ndi Vancouver Whitecaps ya ku Canada, ndipo nyengo yozizira, mpira wa kumeneko utaima, anambwereka ku Crewe Alexandra, katimu ka m'gawo lacinai la ku England. Anasewerako masewera 24, ndipo pa otsiriza anacoka pa golo lace nakamenya penate, namwetsa. Kumeneko ndiko azondi a Liverpool anamuona.

Mwezi wa March 1981 Bob Paisley anamgula ndi mapaundi 250,000, kuti adzikhala waciwiri kwa Ray Clemence, goloboyi wa England. Koma Clemence anacoka caka comweco kumka ku Tottenham, ndipo mlendo uja anangozindikira kuti golo la timu yoposa onse m'Ulaya liri m'manja mwace. Miyezi yoyamba inali yowawa. Anali kuturuka kutali kukalanda mipira imene sakanaifikira, nataya ina yosabvuta. Ndipo pa 26 December 1981, atagonja kwao 3 kwa 1 ndi Manchester City, Liverpool inali pa nambala 12, anthu nayamba kunena kuti Paisley wagula wamisala. Paisley anamdzudzula kolimba, koma sanamcotse. Pofika May 1982 Liverpool inali itatenga ligi.

Zaka zace zisanu zoyamba pa timuyo anakhala wosaphonya masewera a ligi ngakhale amodzi. Pa zaka 13 anaimira Liverpool masewera 628, natenga ligi kasanu ndi kamodzi, FA Cup katatu, League Cup katatu, ndi cikho ca Ulaya kamodzi.

Cikho ca Ulayaco ndico cimene dziko lonse limkumbukira naco. Panali pa 30 May 1984, mu mzinda wa Rome, polimbana ndi timu ya Roma pa bwalo lao lomwe. Analepherana 1 kwa 1, ndipo anati mlandu uthe ndi mapenate. Wa Liverpool woyamba anaphonya. Pamene Bruno Conti anadza kudzamenya, Grobbelaar anatembenuka alikumwetulira, naluma ukonde wa golo ndi mano monga munthu wakudya. Conti anaponya mpira kumwamba. Pamene inafika nthawi ya Francesco Graziani, goloboyi anayamba kugwedeza maondo ndi kupotokola miyendo ngati woledzera kacasu, manja ali lende. Graziani anamenya, mpira nukhudza mtanda wa pamwamba nupita kunja. Alan Kennedy anamwetsa yotsiriza, Liverpool nipambana 4 kwa 2. Taonani cinthu ici: usiku umenewo sanagwire penate ngakhale imodzi. Anawagonjetsa m'mitima asanamenye. Ena amalemba kuti ndiye munthu woyamba wa mu Afrika kutenga cikho cimeneci. Koma abale athu a ku Tete ndi ku Beira adzatitsutsa, ndipo adzakhoza, pakuti Mário Coluna wa ku Mozambique anacitenga ndi Benfica mu 1961 ndi 1962, ndi Eusébio pamodzi naye mu 1962, ngakhale iwo anali kuwerengedwa a dziko la Portugal.

Imfa imene anaithawa kuno inamtsata ku mabwalo a ku Ulaya. Pa 29 May 1985, ku Heysel mu mzinda wa Brussels, anthu 39 anafa khoma litagwa ocemerera a Liverpool atathamangitsa a Juventus, ndipo osewera anauzidwa kuti asewerebe. Pa 15 April 1989, ku Hillsborough, anthu anapanikizana kumbuyo kwa golo lace lomwe, m'kati mwa mpanda wa waya. Anawamva alikumuitana ndi dzina kuti awathandize, napfuulira apolisi kuti atsegule cipata. Mpira unaima patapita mphindi 6 zokha. Amene anafa cifukwa ca tsiku limenelo ndi 97.

KUBWERERA KWAO

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, anaimira dziko pa masewera awiri olimbana ndi Cameroon. Koma kuyambira 1985 kufikira 1992 sanabvale malaya a dziko lino, cifukwa ca makani a pasipoti ndi unzika. Nkhani yotere siiri yacilendo kwa ife amene, cinkana tinabadwira m'makomboni a kuno, lamulo la 2001 linatiyesa alendo kufikira malamulo atsopano a 2013 anakonza. Kwa iye khomo linatseguka msanga, pakuti dziko linamsowa.

Anabwera nalowa m'gulu lija la Reinhard Fabisch wa ku Germany, limene anthu analicha Dream Team: Peter Ndlovu ndi mbale wace Adam, Agent Sawu, Ephraim Chawanda, Francis Shonhayi, Benjamin Nkonjera, Henry McKop, ndi Rahman Gumbo, amene pambuyo pace anakaphunzitsa Wanderers ya ku Blantyre. Gulu limeneli linathira South Africa 4 kwa 1 mwezi wa August 1992, ndipo bwalo lalikuru la ku Harare, lolowa anthu 60,000, linali kudzaza dzuwa likali pamutu. Pano mpamene pali cozizwitsa ca mbiri yonseyi: anthu amene zaka 16 zapitazo akadakomana naye kuthengo wina akadagona pansi, tsopano anali kuimba dzina la Jungleman. Mwezi wa February 1993 ku Cairo, Egypt inapambana 2 kwa 1, koma ocemerera ao anaponya miyala, nalasa Fabisch ndi Grobbelaar yemwe. A FIFA anafafaniza masewerawo, nalamula kuti abwerezedwe ku Lyon m'dziko la France. Kumeneko, mwezi wa April, Egypt inazinga golo lace kuyambira poyamba kufikira potsiriza, koma mpira sunalowe. Anathera 0 kwa 0, Zimbabwe nipitirira.

Cimwemweco sicinafike pa mapeto ace. Mwezi wa July caka comweco inadza Zambia, timu yatsopano yomangidwa pa maliro a anyamata 18 amene anafa m'ndege ku nyanja ya ku Gabon mwezi wa April. Zimbabwe inatsogola, koma nthawi iri pafupi kutha Kalusha Bwalya anamwetsa ndi mutu, ndipo 1 kwa 1 ameneyo anatengera Zambia ku cikho ca Afrika, Zimbabwe nitsala. M'makomboni ambiri tsiku limenelo a ku Chipata anabvina, a nyumba yoyandikana nao alikulira. Mwezi wa October anagonja 3 kwa 1 ku Yaoundé, ndipo njira ya ku cikho ca dziko lonse ya 1994 inatsekeka pa khomo lotsiriza.

MLANDU

Mu 1994 anacoka ku Liverpool kumka ku Southampton. Mwezi wa November caka cimeneco nyuzi ya The Sun, imene anthu a ku Liverpool aida kufikira lero cifukwa ca mabodza amene inalemba za Hillsborough, inaturutsa nkhani yakuti Grobbelaar analandira ciphuphu kwa anthu a juga kuti adzilola zigoli. Amene anamchera msampha anali bwenzi lace, Chris Vincent, wa kuno komwe, amene anayamba naye malonda amene anagwa. Ndiye anamkambitsa m'cipinda mobisika makina ojambula, namuonetsa alikulandira ndalama. Anati pa masewera amene Liverpool inagonja 3 kwa 0 ku Newcastle mu November 1993 analandira mapaundi 40,000. Iye anakana, nati anali kumnamiza Vincent dala kuti apeze umboni wokapereka ku polisi.

Anazengedwa ku Winchester kawiri m'caka ca 1997, pamodzi ndi Hans Segers, John Fashanu ndi Heng Suan Lim. Poyamba oweruza sanamvane, kaciwiri anamasulidwa. Akatswiri a pa golo anayang'ana zithunzi za masewerawo, osapeza cigoli cimene analola dala. Akadalekera pomwepo, bwenzi atapita kwao ndi cuma cace. Koma anasumira nyuzi ija kuti yamuipitsira dzina, ndipo mu 1999 bwalo linampatsa mapaundi 85,000. A nyuzi anacita apilo, napambana mu 2001. Iye nakwera ku bwalo loposa onse, la House of Lords. Akuru amenewo anagamula mu October 2002 kuti ndi zoona palibe umboni wakuti anagulitsa masewera, koma umboni wakuti anapangana za ciphuphu ulipo wokwanira, ndipo munthu wotere alibe dzina loti nkulilipira. Anampatsa paundi imodzi, namsenzetsa ndalama za mlandu za a nyuzi. Analephera kulipira, ndipo mu 2004 bwalo linalengeza kuti cuma cace catha.

Ife sitiri oweruza, ndipo iye sanaleke kukana. Koma tikayesa mau a mabwalo onsewo pamodzi, aoneka kunena cinthu cimodzi: manja ace pa golo sanapezeke ndi mlandu, koma pakamwa pace ndi m'thumba mwace munapezeka. Inu amene mumaika malipiro a mwezi pa mpira wa ku England m'tinyumba ta juga ta m'tauni, kumbukirani kuti ndalama zimene zinachulidwa pa mlandu umenewu zinali za anthu a malonda omwewo.

UPHUNZITSI

Mlandu uli mkati anasewerabe, caka cimodzi ku Plymouth Argyle, pambuyo pace m'timatimu tating'ono, kuno masabata awiri, uko mwezi. Mu 1997 ndi 1998 anagwirizira timu ya Zimbabwe nthawi zazifupi, ali mphunzitsi ndi wosewera pamodzi. Masewera ace onse oimira dziko lino anapitirira 30. Atatero anatsikira ku South Africa, naphunzitsa Seven Stars ya ku Cape Town mu 1999, SuperSport United ya ku Pretoria kuyambira 1999 kufikira 2001, ndi pambuyo pace Hellenic, Manning Rangers ndi Umtata Bush Bucks. Ku SuperSport ndiko anakhalitsa; kwinako anali mlendo wa miyezi, woitanidwa nyumba itayamba kale kupsa. Ligi sanatenge ngakhale kamodzi.

Tiyesa kuti cifukwa cace sicibisika. Luso la Grobbelaar linali la m'thupi ndi la mtima wosaopa, ndipo zotere sizipatsirana monga apatsirana khasu. Mphunzitsi wa timu yonse afunika kudekha, kupirira eni timu, ndi kubwereza cinthu cimodzi masiku onse kufikira wosakhoza akhoze. Koma uyu ndi munthu amene anakangana ndi mnzace Jim Beglin pakati pa masewera otsiriza a FA Cup mu 1986, nagwirana pakhosi ndi Steve McManaman, wa timu yace yomwe, mu 1993. Komabe pali cipatso cimodzi cimene sitiyenera kuciiwala. Womthandiza wace ku SuperSport anali Pitso Mosimane, amene analowa m'malo mwace mu 2001. Ndiye yemwe uja anadzatenga cikho ca matimu a mu Afrika katatu, ndi Mamelodi Sundowns mu 2016, ndi Al Ahly ya ku Egypt mu 2020 ndi 2021. Ndipo njira ya kumwera imene anaiyenda aiyendanso agoloboyi athu, monga Washington Arubi wa muno mu Mutare, amene anasankhidwa wosewera woposa onse m'dziko lino mu 2011 ali ku Dynamos, namka ku Pretoria caka cotsatira.

Nchito imene inamuyenera anaipeza mocedwa, ndiyo yophunzitsa agoloboyi okha. Anaigwira ku Ottawa Fury m'dziko la Canada kuyambira 2014 kufikira 2018, ndipo mu 2018 anaperekeza anyamata a Matabeleland ku London, ku mpikisano wa CONIFA, wa mitundu ya anthu imene siiri m'kaundula wa FIFA. Anabwerera motero kwa ana a anthu omwe aja anamucha Jungleman.

Yatsala nkhani imodzi, imene iye mwini amaisimba, ndipo ife tingoipereka monga aisimba. Akuti mu 1992, pa masewera omlemekeza pa bwalo la Anfield, panadza sing'anga wocokera kuno, nathira mankhwala pa magolo, nanena kuti Jungleman akadzacoka, ligi sidzabweranso pa bwalo limenelo. Anacoka, ndipo Liverpool, imene inatenga ligi kotsiriza mu 1990, inakhala ikuphonya caka ndi caka, nthawi ina ndi kapointi kamodzi. Akuti mu 2019 anaitanidwa kudzasewera masewera aubwenzi pa bwalo lomwelo, nadza ndi botolo la madzi a m'thupi mwace, nathira pa mitengo ya magolo onse awiri kuti asukuluze mankhwalawo. Azungu a kumeneko anaseka pakumva. Liverpool inatenga ligi mu 2020, patapita zaka 30.